Kachingwe Kofiira Kaima pa Chaputala 20

Lamlungu, pa 13 Okutobala 2013, Dalton Pruitt anapita kwa a Hoekstra kukapempha kuti akwatire mwana wawo Tessa. Anadya, anawonjezera, anayankhula kuposa tsiku lina lililonse chifikireni ku Iowa, m'dziko la America, ndipo anatuluka m'nyumbamo asanapemphe.

Tsikulo analisankha ndi Tessa, ndipo sanalisankhe mwachisawawa.

Kwa a Hoekstra, monga m'nyumba zambiri za m'tauni ya Dokkum, chakudya chachikulu cha tsiku sichitha anthu akakhuta. Mbale zikakankhidwira pakati, Bambo Wendell Hoekstra, mkulu wa mpingo, amatulutsa Baibulo m'kabati, kutsegula pamene pali kachingwe kofiira, n'kuwerenga chaputala chimodzi. Chimodzi basi, motsatana, kuyambira koyambirira mpaka kumapeto, osadumpha ngakhale masamba a mayina okhaokha. Akamaliza amaloza munthu mmodzi kuti anene zimene wamvapo. Pakakhala mlendo, chala chimagwera mlendoyo.

Tessa anawerengera patsogolo n'kupeza kuti pa 13 kachingweko kadzakhala pa Chivumbulutso chaputala 21, pamene pakukambidwa za mzinda wokongola ngati mkwatibwi. Pa chaputala chimenecho Akhristu sakangana. Choopsa chinali cham'mbuyo mwake, cha 20, cha zaka chikwi. Bambo ake ankakhulupirira, monga bambo awo ndi agogo awo, kuti zaka chikwizo n'zophiphiritsa: Ufumu unayamba kale, Khristu akulamulira panopa mu mpingo ndi m'mitima, ndipo Satana anamangidwa kalekale. Dalton anakulira ku Texas, mu mpingo umene ngakhale mwana wa sukulu ya Lamlungu amakuuza kuti Ufumu sunafike, kuti udzabwera ndi mpando weniweni ku Yerusalemu, zaka chikwi zowerengeka pa kalendala, mikango ikudya udzu.

Bambo Hoekstra ankamudziwa Dalton ngati dokotala wa ziweto waulemu, wovula nsapato pakhomo. Zinazi sankazidziwa. Ndipo chaputala 20 chinayenera kuwerengedwa Loweruka, Dalton ali kutali.

* * *

Lachinayi madzulo awiriwo anakumana kuseri kwa sitolo ya zitsulo, kumene anthu a mpingo sadutsadutsa.

"Ukafika uimike galimoto chobwerera," anatero Tessa. "Kumbuyo kwake kulowe m'maluwa a amayi."

"Chifukwa?"

"Chomata chako chija."

Kumbuyo kwa galimoto ya Dalton kunali chomata chochenjeza kuti tsiku la mkwatulo galimotoyo idzatsala yopanda woyendetsa.

"Chimenecho n'chikondi kwa oyenda pambuyo panga," anatero Dalton. "Ukufuna andigunde osakonzekera?"

"Ndikufuna ababa akuvomere. Tamvera. Akakuloza, uti: chaputala chotonthoza kwambiri, bambo. Mawu amenewo basi. Amayi akabweretsa khofi, upemphe."

"Chaputala chotonthoza kwambiri, bambo."

"Usamwetulire choncho, ukuoneka ngati wogulitsa mankhwala a nkhupakupa."

"Koma Tessa, ine kunama sindinama."

"Ndani wati uname? Ndati ukaona nkhani ikulowera kolakwika, uike mbatatesi m'kamwa. Kwathu munthu wotafuna safunsidwa kawiri."

Dalton anamugwira dzanja n'kunena kuti chifukwa cha iye akhoza kudya thumba lonse. Tessa anapita kunyumba mtima uli m'malo. Madzulo amenewo anawerenga chaputala 18, Babulo anagwa pa nthawi yake.

* * *

Loweruka masana Tessa akusesa masamba pakhonde, anangoona Gerrit Dykstra akutsegula geti, tsitsi lili see, envulopu m'manja.

Gerrit anali m'chaka chomaliza ku sukulu ya ubusa, ndipo mwezi umenewo anali kwawo kuthandiza abusa a mpingo. Chilimwe china, kale, anamuperekezapo Tessa kuchokera ku tchalitchi kangapo, ndipo amayi a mpingo anawakwatitsa kale m'mitima mwawo, mpaka kutchula mayina a ana. Tessa anazisiya zimenezo. Gerrit sanazisiye.

"Ababa alipo?" anafunsa Gerrit.

"Ababa ako kapena anga?"

"Tessa, ukali wakowu sunathebe? Ndawagulira matikiti a mgonero wa supu ku sukulu ya mpingo. Atatu. Lero."

Tsache linaima.

"Lero tidyera pakhomo."

"Ndalipira kale." Gerrit anatsitsa mawu ngati akulengeza maliro. "Ndipo ukudziwa mmene bambo amaonera kutaya chinthu cholipiridwa kale. Ndaiwala, mwafika pati kodi m'Baibulo muja? Lachiwiri ndikudya nanu munali pa 16. Ndiye lero ndi 20. Kapena mawa, mukadyera kunja."

"Gerrit, wachita dala."

"Ine? Ndikungothandiza sukulu. Mawa ndidzakhalapo, bambo andiitana. Ndamva kudzakhala alendo a ku Texas. Ndinaiona galimoto yawo ku banki. Imalalikira bwino ndithu, kuposa ophunzira ena."

Bambo Hoekstra anatuluka, analandira matikiti, anawatembenuza kuona mtengo, n'kuuza mkazi wawo kuti azimitse moto. Lamulo la m'nyumbamo linali lodziwika: kudyera kunja, Baibulo limagona m'kabati.

* * *

Tessa anathawa ku supu anthu akadali pa mzere wa keke. Makolo ake pofika anapeza tebulo layalidwa, mbatatesi zikufuka nthunzi, Baibulo lili pambali pa mbale ya bambo.

"Mbatatesi za mawa izi!" anakuwa Mayi Arlene Hoekstra. "Ndinasenda mmawa kuti Lamlungu ndisagwire mpeni!"

"Ndimati mwina ababa sanakhute."

"Ndadya mbale zitatu," anatero bambo. "Tikiti inati kuwonjezera n'kwaulere."

"Kamodzi kokha, ababa. Tidye pang'ono, tiwerenge."

Bambo Hoekstra anamuyang'ana mwana wawo pamwamba pa magalasi.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikukudzutsa pakati pa chaputala. Lero wagwidwa ndi njala ya Mawu? Ndayamika kale Mulungu chifukwa cha chakudya cha lero. Sindimupatsa malipoti awiri." Anabwezera Baibulo m'kabati.

Tessa anakwera kuchipinda n'kulembera Dalton uthenga: *Mawa usabwere. Dwala.*

Yankho linabwera pompo: *Ndagula tayi.*

*Ndi chaputala 20.*

*Chaputala chotonthoza kwambiri, bambo.*

*Sindikuseka, Dalton. Gerrit adzakhalapo.*

*Abusa a mawa aja? Usade nkhawa. Phikani mbatatesi zambiri.*

Mmawa, bambo ali kosamba, Tessa anatsegula kabati, anatsegula Baibulo, n'kusuntha kachingwe tsamba limodzi. Potembenuka anapeza amayi ake ali pakhomo la khitchini, chipewa cha ku tchalitchi kumutu.

"Ine sindinaone kanthu," anatero mayi. "Koma bambo akowo ndakhala nawo zaka makumi atatu ndi chimodzi. Tsiku la ukwati wathu amaliiwala. Pamene anasiyira saiwala."

* * *

Dalton anafika tayi ili pakhosi, naimika galimoto chobwerera mpaka maluwa anagona. Anavula nsapato, anayamikira nyama yootcha, anafunsa za chimanga. Gerrit anakhala moyang'anana naye, akudula nyama tizidutswa tofanana. Zonse zinayenda bwino mpaka mbale zinakankhidwira pakati.

Bambo Hoekstra anatsegula pa kachingwe, n'kuyang'ana tsamba.

"Kachingwe aka kayenda kokha," anatero.

Anakweza maso pamwamba pa magalasi.

"Lachisanu tinasiyira pa kavalo woyera. Satana sitinamumange m'nyumba muno. Pali wina akufuna kulowa mu mzinda woyera podumpha mpanda."

"Mwina ndi mphepo, bambo," anatero Gerrit mokoma mtima.

Bambo ananyowetsa chala, nabweza tsamba. Anawerenga za mngelo wa unyolo, za chinjoka chotsekeredwa, za mipando yachifumu. Mawu akuti zaka chikwi anamveka kasanu ndi kamodzi, ndipo nthawi iliyonse makutu a Dalton ankawonjezera kufiira. Kenako chala chinadzuka.

"Alendo athu. Mwamvapo chiyani?"

"Chaputala chotonthoza kwambiri, bambo."

"Eya!" Bambo anasangalala. "Ambiri amachiopa. Chakutonthozani n'chiyani?"

Dalton anatambasula dzanja, anatola mbatatesi yotsala m'mbale ya pakati, n'kuiika yonse m'kamwa.

"Ndikuganiza a dokotala akunena za kumangidwa kwa Satana," anatero Gerrit. "Kuti zinachitika kale. Si choncho, a dokotala? Ndi womangidwa panopa, tikukhala panoyi?"

Dalton anatafuna. Anatafuna mpaka panalibenso chotafuna. Tessa anamukankhira keke ya maapozi, koma Gerrit anali atayamba kale kuyankhula.

"Ndafunsa chifukwa galimoto yanu ikunena zina. Ndinapita kukaona ngati maluwa a mayi apulumuka. Akuti tsiku lina idzayenda yokha."

Bambo Hoekstra anatseka Baibulo pang'onopang'ono, chala chili mkati.

"N'zoona zimenezi, a Pruitt?"

Dalton anayang'ana Tessa, anayang'ana keke, kenako anapukuta pakamwa.

"Bambo, ine ndi munthu wa ziweto. Kwathu tikamanga nkhunzi, ng'ombe za aneba sizitenga bere. Tatsegulani wailesi mumve. Dziko lonse lili ndi bere."

"Pa tebulo, anthu inu!" anatero mayi.

Bambo anavula magalasi n'kuwaika pa Baibulo. Tessa anali ataonapo zimenezi kamodzi kokha, tsiku limene mpingo unkafuna kugula ng'oma. Tessa anatseka maso.

"Galu womangidwa amaluma wolowa m'bwalo lake," anatero bambo. "Vuto si unyolo. Vuto ndi anthu okonda kusisita agalu."

"Ndiye unyolowo wafika mpaka ku likulu, ku Des Moines."

"Ku Des Moines anthu amachita kuima pa mzere kuti akamusisite!"

"Palembedwa zaka chikwi, bambo. Mulungu amadziwa kuwerenga."

"Palembedwanso kuti ng'ombe za pa mapiri chikwi ndi zake. Nanga phiri lotsatira, ng'ombe zake ndi za ndani? Zanu?"

"Kuno ku Iowa kulibe phiri ngakhale limodzi. Ndiye zanuzo zili ndi mwini?"

Mayi Arlene anatulutsa kaphokoso kachilendo n'kubisa nkhope m'kansalu kopukutira. Gerrit anakweza chala.

"Mu Chigiriki, mawu amenewo..."

"Dikira kaye, Gerrit," anatero bambo osamuyang'ana. Anakokera mpando pafupi ndi Dalton. "Iwe mnyamata, ukuti Khristu si mfumu lero? Akudikira chiyani, chisankho?"

"Ndi mfumu, bambo, koma mpando wa Davide sanakhalepo. Ufumu ukadzafika tidzauona ndi maso. Mkango wodya udzu munauona kuti?"

"Mu mpingo mwathu momwemu! Harold Mulder ankathyola anthu nsagwada ku bala. Lero amagawa mabuku a nyimbo pakhomo. Si mkango wodya udzu umenewo?"

"Harold Mulder ndinamuona Lachiwiri akumaliza nthiti za nkhumba mbale ziwiri."

"N'zophiphiritsa!"

"Nthitizo zinali zenizeni, bambo."

Bambo Hoekstra anamenya tebulo, masupuni anadumpha. Tessa anatsegula diso limodzi kuti aone mmene ukwati wake ukufera, ndipo anaona chinthu chimene sanachiyembekezere. Bambo ake ankaoneka ngati munthu amene wapeza ndalama m'jekete lakale. Masaya anali ofiira, maso akuwala.

"Monga ndimanenera, bambo," anayesanso Gerrit, "ine ndikugwirizana nanu kwathunthu kuti..."

"Ndikudziwa, Gerrit. Wakhala ukugwirizana nane kuyambira uli ndi zaka khumi. Tathandiza mayi mbalezo."

Gerrit anapita kukhitchini, anamangidwa epuloni ya maluwa, natsuka mbale za anthu asanu.

Khofi anabwera n'kuzizira. Tessa anaponda phazi la Dalton pansi pa tebulo, Dalton anangosuntha phazilo n'kupitiriza za kachisi. Nthawi ya tulo ta Lamlungu masana, timene bambo sanaphonyepo chikwatireni, inafika n'kudutsa. Anadutsa mwa aneneri, anabwerera kwa Abrahamu, anakangana za malire a dziko lolonjezedwa pogwiritsa ntchito botolo la mchere ngati Yerusalemu. Pa mavesi ena Dalton anayamba kuterereka.

"Apa mwandipeza," anavomera. "Koma akanakhala amayi anga, simukanafika n'komwe pa Danieli. Amaphunzitsa zimenezi kwathu. Ali ndi chinsalu chojambulidwa nthawi zonse za dziko, kuyambira Adamu mpaka chiweruzo. Chimadzaza khoma lonse."

"Mzimayi wa chinsalu," anatero bambo, ngati akulawa mawuwo. "Ndingakonde kuchiona chinsalu chimenecho."

Belu la mapemphero a madzulo linalira. Apo m'pamene Dalton anayang'ana tayi yake n'kukumbukira chimene anaigulira. Anaimirira.

"Bambo, ine kwenikweni ndinabwera ndi nkhani ina."

"Ndikuidziwa. Munthu savala tayi kudzadya mbatatesi." Bambo anavalanso magalasi. "Usainene. Ukainena lero ndiyankha lero, ndipo yankho la lero sungalikonde. Mwana wanga sindingamupereke kwa munthu amene adzauze adzukulu anga kuti Mfumu yawo ikadali m'njira. Timalize kaye chaputalachi. Kachingwe aka sikasuntha mpaka mmodzi wa ife atagonja. Lamlungu ubwerenso."

* * *

Tessa anamuperekeza ku galimoto. Dalton ankayenda ngati wochokera ku mpira.

"Waona pa nkhunzi paja? Ndinawagwira! Ndipo andiitananso, Tessa. Akundikonda."

"Unabwera kudzatani kuno?"

Dalton anaima.

"Ndinayesa. Mbatatesi zinatha."

"Keke inalipo!"

"Gerrit anandiputa."

"Gerrit anakutchera, iwe n'kulowamo ukuimba. Ine ndaba tsamba la Baibulo chifukwa cha iwe. Ndaphika mbatatesi za Sabata. Iwe maola onsewa dzina langa sunalitchule ngakhale kamodzi. Harold Mulder wamutchula kangapo."

"Chabwino, ndalakwa. Koma nawenso unangokhala duu. Ukanandithandiza pa Ezekieli paja. Ndinakufotokozera bwinobwino tsiku lija ku dziwe."

Tessa anayang'ana maluwa ophwanyika.

"Sindikanakuthandiza."

"Chifukwa cha mantha?"

"Chifukwa ababa akunena zoona. Satana ndi womangidwa, Dalton."

Dalton anatsamira galimoto ngati wauzidwa kuti Tessa ali ndi mwamuna wina ku Minnesota.

"Iwe? Chaka chonsechi? Ndinkakuuza za mikango iwe ukugwedeza mutu!"

"Ndinkayang'ana pakamwa pako. Mawuwo sindinkawamva."

"Ndiye unkandiona ngati wopusa."

"Ndinkakuona ngati wokongola amene walakwitsa chaputala chimodzi. Alipo amuna olakwitsa buku lonse."

"N'chifukwa chake umandibisa kuseri kwa sitolo. N'chifukwa chake galimoto yanga ili m'maluwa. Umachita nane manyazi."

"Sindichita nawe manyazi! Ndimafuna ukhale wanga kaye, zinazo tizikangana tili m'nyumba mwathu ngati anthu ena onse."

"Nanga ana athu tidzawauza chiyani?"

"Ana ati? Sunapemphe n'komwe!"

Zenera la khitchini linatseguka, Gerrit anasuzumira, thovu lili m'manja.

"Tessa, mayi akuti tichedwa ku mapemphero. Ndikusungire malo?"

Dalton analowa m'galimoto, analiza injini, nachoka ndi nthambi ya maluwa ikulendewera kumbuyo, itaphimba theka la chomata.

* * *

Lolemba anawerenga chaputala 20. Lachiwiri anawerenga chaputala 20. Lachitatu Mayi Arlene anapempha kuti mwina awerengeko salimo, chinjokacho chayamba kuwabwerera kutulo. Bambo anati mawu awo ndi amodzi. Popeza panalibe mlendo, chala chinkagwera Tessa, ndipo Tessa ankayankha molondola tsiku lililonse, mokwiya.

Dalton sanaimbe. Tessa analemba uthenga wautali Lachiwiri n'kuufufuta, analemba waufupi n'kuufufutanso. Lachitatu anatumiza wa mawu awiri: *Maluwa afa.* Sunayankhidwe.

Lachinayi, pa 17, akuchotsa mbale, foni inanjenjemera.

*Pepani za maluwa. Ndinawaimbira amayi Lamlungu, mtima unali ukuwawa. Ndinawauza zonse.*

*Zonse ziti?*

*Za bambo ako. Ndi za iwe.*

Tessa anakhala pansi pa mpando wa bambo ake, umene sakhalapo munthu wina.

*Ndiye ati chiyani?*

*Anangofunsa msewu. Anyamuka lero mmawa, chinsalu chili padenga la galimoto. Akuti mwana wawo sangakwatire mkazi amene sakudikira kanthu, koma ayamba aona ngati banja lanu lingaphunzitsike.*

Tessa anawerenga uthengawo mokweza, mwina poganiza kuti bambo ake akwiya n'kuthetsa zonsezi. Bambo Hoekstra anadzuka, anapita kuchipinda chochezera, nayamba kuyeza khoma ndi mapazi. Anachotsa chithunzi cha agogo kuti malo akwane.

"Arlene! Lamlungu tikhala asanu ndi mmodzi. Gerrit abwerenso, mbale zidzachuluka."

Foni inanjenjemeranso.

*Uwauze mayi kuti akubwera awiri. Chinsalucho chimafuna anthu awiri, wina agwire mbali inayo. Abwera ndi Shelby Rae.*

*Shelby Rae ndi ndani?*

Pansi pa uthengawo panaoneka chizindikiro chakuti Dalton wauwerenga. Timadontho tosonyeza kuti akulemba tinaoneka, tinazimiririka, tinaonekanso, n'kuzimiririka.

"Asanu ndi awiri, amayi," anatero Tessa.

"Wachisanu ndi chiwiriyo ndi ndani?" anafunsa mayi.

Loweruka madzulo, pa 19, galimoto ya nambala ya ku Texas, chinsalu chokulungidwa chili padenga, inaima pa nyumba ya alendo ya m'mphepete mwa msewu waukulu. Mkazi wa Harold Mulder, amene amagwira ntchito pamenepo, anaimbira foni Mayi Arlene kuwauza kuti mwatsika azimayi awiri, wamkulu ndi wamng'ono, ndipo wamng'onoyo, Dalton atafika kudzawalandira, anamukonza kolala ya malaya asanamupatse moni. Funso la Tessa linali lisanayankhidwebe.